Ka- wa mu kamwana, kachirombo ndi kangachepe

Mwana wa pulayimale mukamufunsa ntchito ya ka- pa dzina, ayankha mosaganiza n'komwe kuti amachepetsa. Nyumba ikachepa ndi kanyumba, mtengo ukachepa ndi kamtengo, zikakhala zingapo timati tinyumba ndi timitengo. Ndi zimene tinaloweza tonse pa phunziro la magulu a mayina titafika pa gulu la Ka-Ti, ndipo si zabodza. Kungoti yankholi ndi lapamwamba chabe. Bambo amene wamanga nyumba ya zipinda zinayi, yamalata, ya simenti pansi, n'kumauza abale ake kuti "mudzabwere mudzaone kanyumba kanga", sakunena za kukula kwa nyumbayo. Amene akuloza mnzake wamtali kumuposa n'kunena kuti "kamunthu aka" sakunenanso za msinkhu. Nthawi zina ka- amayezadi chinthu, koma kawirikawiri amaulula za wolankhulayo: mmene akuchionera chinthucho, ndi mmene akufunira kuti womvera amuone iyeyo.

Mayina ambiri a Chichewa ali ndi mphatikiri wa gulu lawo kumayambiriro, ndipo mphatikiriyo amasinthana ndi mnzake zinthu zikachuluka: munthu anthu, mtengo mitengo, chipatso zipatso. Ka- ndi ti- sachotsa mphatikiri amene amupeza, amangodzakhala pamwamba pake. Munthu amasanduka kamunthu, mu- wake ali pomwepo. Anthu amasanduka tianthu, a- osachoka. Chipatso ndi kachipatso, zipatso ndi tizipatso, mabuku ndi timabuku, agalu ndi tiagalu. N'chifukwa chake ka- sasankha dzina. Kaya ndi la munthu, la nyama, la chida, kaya ndi lobwereka ku Chingerezi dzulodzuloli, iye amangokwera basi.

Pali dzina limodzi lodziwika limene silitsata njirayi, ndilo kanthu. Apa ka- wagunda pa tsinde penipeni, -nthu, tsinde lomwe lija limatipatsa munthu, anthu, chinthu ndi zinthu. Chifukwa chotchulidwa tsiku ndi tsiku, kanthu anatha kuchepa kwake. Wina akati "palibe kanthu", "sanandiuze kanthu", kapena "mbale yopanda kanthu", palibe amene amaganiza za chinthu chaching'ono. Akuluakulu ponena kuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa, sankanena za zazing'ono ayi. Kwa phwiti, njiwa si mkazi wamasewera. Moti lero munthu akafuna kuchepetsadi chinthu amakonda kunena kuti kachinthu, poona kuti kanthu payekha sakufikapo.

Mphamvu yeniyeni ya ka- ili pa mgwirizano wa mawu m'chiganizo. Tengani chiganizo ichi: "Mwana wanga wamng'ono uja wagwa." Ikani ka- pa mwanayo muone zochitika: "Kamwana kanga kakang'ono kaja kagwa." Mawu ndi asanu, koma ka- wamveka kasanu n'kamodzi. Akakhala angapo: "Tiana tanga tating'ono tija tagwa." Mukangosankha ka- pa dzina, mneni, mfotokozi, mawu oloza ndi osonyeza umwini onse amamutsatira. M'Chichewa simungachepetse munthu mobisa, chiganizo chonse chimakuululani.

Apa m'pamene pagona ululu wa ka- akagwera munthu wamkulu. Chichewa chimasunga anthu m'gulu lawolawo la Mu-A, ndipo ulemu timaupereka pochulukitsa: agogo abwera, amfumu afika, ngakhale ali munthu mmodzi. Ka- amakokera kwina. Amamutulutsa munthu m'gulu la anthu n'kukamuika pamodzi ndi kasupuni ndi kambewa. Mvetserani mawu anayi awa, onse onenera munthu mmodzi yemweyo ataima pakhomo: abwera, wabwera, kabwera, chabwera. Oyambawo ndi aulemu, achiwiriwo ndi a mnzako kapena mwana, achitatuwo ndi a munthu amene wamuderera, omalizawo ndi a chimunthu chimene ukuchiopa kapena kunyansidwa nacho. Dzina silinatchulidwe n'komwe. Pa mkangano wa pa mjigo, mawu oti "kakuti chiyani kameneka?" amakwanira kuti zidebe zitulidwe pansi. Andale nawo amamudziwa bwino ka- ameneyu. Wa chipani chachikulu akakwera pa nsanja sati zipani zina, amati tizipani, ndipo mabungwe omudzudzula amasanduka timabungwe.

Koma ka- yemweyo ndiyenso wa chikondi. Mayi atayangata khanda lake amati "kamwana kanga", agogo akamaonerera ana akuthamanga pabwalo amapukusa mutu akumwetulira n'kumati "tiana iti sititopa". Mwamuna akati "kamkazi kanga aka" akuseka ndi mkazi wakeyo madzulo pakhonde, palibe mlandu. Apongozi akanena kuti "kamkazi kameneka" ali kuseri kwa nkhokwe, banja layamba kugwedezeka. Zilembo n'zomwezo. Chosiyana ndi amene akunena, kwa yani, pamaso kapena kumbali, komanso ndi liwu lotani. Ine ndimaona kuti chikondi ndi chipongwe zimakumana pa ka- chifukwa chaching'ono umatha kuchinyamula, umathanso kuchiponda. Ndipo lamulo lake, ngakhale silinalembedwe paliponse, aliyense amalidziwa: ka- amatsika, sakwera. Wamkulu angamunene mwana, koma mwana wonena kuti "kamalume" akhale atakonzeka kukafotokoza bwino pamaso pa akuluakulu.

Pamene ka- amaloledwa pamaso pa wamkulu aliyense ndi pamene wolankhula akuchepetsa zake zomwe. Kanyumba kanga, kamunda kanga, kageni kamene ndayamba, kaganyu kamene ndapeza. Kumene kudzitama kumaitana nsanje, ndipo nsanje anthu amaiopa pa zifukwa zodziwika, ka- ndi njira yonenera uthenga wabwino popanda kuoneka wonyada. Wogula galimoto amati "ndapezako kagalimoto koyendera", ndipo omvera amadziwa kuti si nthawi yofunsa ngati n'kakang'onodi.

Popempha ndiye ka- sasowa. Mayi asuzumira pa mpanda: "Odi mlamu, tandigawireniko kamchere, ndiwo zili pamoto." Mlamuyo satola kambewu kamodzi ka mchere, amatapa wodzaza dzanja n'kukulunga m'pepala. Ka- sananene muyezo, wangopeputsa pempho, kuti wopemphedwa asamve ngati akulandidwa, komanso kuti ngati mchere palibe, manyazi asakule mbali zonse ziwiri. Mnyamata afika kwa malume ake m'tauni, akhala pansi, apereka moni wa kumudzi konse, afotokoza za mvula, kenako n'kutsitsa mawu: "Amalume, ndabwera ndi kavuto pang'ono." Malume ozolowera akamva kavuto amakhala bwino pampando, poti amadziwa kuti timavuto ta mphwawo timakhala fizi ya teremu yonse. Pa msonkhano munthu amaimika dzanja kuti ali ndi kafunso, n'kufunsa funso loti wapampando atuluke thukuta. Wodwala amauza anamwino kuti ali ndi kachifuwa pamene wakhala akutsokomola mwezi wathunthu, ndipo wazaumoyo wodziwa ntchito yake samukhulupirira ka- wa wodwala, amafunsa kuti chinayamba liti.

Mwa mawu onse a mtundu uwu, amene amandisangalatsa kwambiri ndi kangachepe. Pachiyambi limeneli si dzina, ndi kachiganizo kathunthu: kanthu aka, ngakhale kachepe. Dzina linagwa, n'kutsala mneni yekha atasenza ka-. Kangachepe ndi kamene umapereka pa maliro, kwa anyamata okuthandiza kukankha galimoto m'matope, kwa mphunzitsi wopuma ntchito. Mawu omwewa anapezanso ntchito ina pa mawindo a m'maofesi ndi m'misewu, pamene munthu safuna kutchula chiphuphu ndi dzina lake lenileni. Olankhula Chiswahili nawo amachitcha kitu kidogo, kanthu kakang'ono. Zikuoneka kuti chiphuphu sichikonda kudzitcha chachikulu kulikonse.

Pa zinthu zosawerengeka monga madzi, ufa ndi mafuta, ti- sachulukitsa, amachepetsa muyezo: timadzi, tiufa, timafuta, tindalama. "Tatsala ndi tiufa ta lero lokha" ndi lipoti lathunthu la mmene pakhomo palili. Ndiye pali ka- wa kukoma, amene sakhudzana ndi muyezo ngakhale pang'ono: kamphepo kayaziyazi, kanyimbo kokoma, kansima kotentha ka mgaiwa. Pamenepa wolankhula akungonena kuti chinthucho chamufika pamtima.

Kachirombo ndi nkhani yapayokha. Chirombo ndi nyama yoopsa yam'tchire. Kachirombo poyamba ndi kouluka kapena kokwawa, kamene kamafumbwitsa chimanga kapena kukuluma usiku. Azaumoyo atafuna mawu onenera zamoyo zosaoneka ndi maso anatenga omwewa, n'kukhala tizirombo toyambitsa matenda. Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, mawu oti kachirombo ka HIV anamveka pa wailesi, m'zipatala ndi m'matchalitchi mpaka dzina la HIV linayamba kusiyidwa. Kwa zaka zambiri, kungonena kuti "anamupeza ndi kachirombo" kunali kokwanira, palibe ankafunsa kuti kati. Apa ka- anagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: ankanena zoona, poti chinthucho n'chaching'onodi kuposa chilichonse chimene tinkachidziwa, komanso ankapatsa anthu njira yotchulira matenda owaopsa popanda kuwatchula. Mu 2020 panafunika kuwonjezeranso mawu, kachirombo ka korona, kuti kasiyane ndi kakale kaja.

Kumene anachokera

Ka- si wa Chichewa chokha, ndipo ndi wakale kuposa ufumu wa Maravi. M'zaka za m'ma 1860, Wilhelm Bleek, katswiri wa zilankhulo wa ku Germany amene ankagwira ntchito ku Cape Town, anasonyeza kuti zilankhulo zambiri za pakati, kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa ndi za banja limodzi. Analitcha banjalo Bantu, potengera mawu otanthauza anthu amene amamveka mofanana m'zilankhulozi, ndipo ndi iye amene anayamba kupereka manambala ku magulu a mayina. Carl Meinhof, Mjeremani mnzake, anapitiriza ntchitoyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Lero katswiri wa ku Kampala, wa ku Harare ndi wa ku Zomba akati gulu 12 ndi gulu 13 amamvana kuti akunena ka- ndi tu-.

Chilankhulo chimene chinabala zonsezi sichinalembedwepo. Akatswiri amachiumbanso poyerekeza zilankhulo zimene zinachokera kwa icho, ndipo ambiri amagwirizana kuti chinkalankhulidwa chakumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka pakati pa 4,000 ndi 5,000 zapitazo, eni ake asanafalikire kum'mawa ndi kum'mwera. Ka- ndi tu- ali pa mndandanda wa aphatikiri amene akatswiriwa amati analimo m'chilankhulocho, ndipo umboni wake ndi kufala kwawo. Kamwana m'Chibemba ndi akana, tiana ndi utwana. Ku Rwanda n'chimodzimodzi, akana ndi utwana. Akikuyu a ku Kenya amati kaana ndi twana, Aganda amati akaana, ndipo Aherero a ku Namibia ali ndi oka-. Ngakhale timadzi tathu tija tili ndi mbale wake ku Uganda: madzi m'Chiganda ndi amazzi, ndipo akakhala odontha chabe ndi otuzzi. Anthu otalikirana chonchi sanabwerekane dzulo, analandira kwa kholo limodzi.

Taonaninso kuti mu akana ndi kaana, ka- wakhala pa tsinde lenileni la -ana, mu- wa mwana atachoka. Umu ndi momwe kanthu wathu anapangidwira. Kusanjikiza kwa kamwana ndi njira imene Chichewa chinaikonda n'kuifalitsa pa mayina onse.

Si ana onse a banjali amene anasunga cholowachi. Chiswahili cha m'mabuku chimachepetsa ndi ki- ndi vi-: mtoto ndi mwana, kitoto ndi kamwana, mji ndi mzinda, kijiji ndi mudzi. Chosangalatsa n'chakuti ki- ameneyu ndi chi- wathu yemwe, gulu 7, amene kwathu amagwira ntchito yotsutsana nayo. Chimwana ndi mwana wonenepa wolemera kumubereka, chinyumba ndi cha mwini ndalama. Mphatikiri mmodzi, ku Zanzibar akuchepetsa, ku Dedza akukuza. Kum'mwera, Chizulu ndi Chixhosa zilibe gulu la ka- ndi tu-, zimachepetsa poika -ana kumapeto: indoda ndi mwamuna, indodana ndi mwana wamwamuna, umntwana, mwana, anachokera ku mawu otanthauza munthu ataphatikizidwa -ana. Akatswiri amalumikiza -ana ameneyu ndi tsinde lomwe lili mu mwana, kutanthauza kuti kumeneko chaching'ono chilichonse ndi mwana wa chachikulu. Nafenso maganizo amenewa tili nawo, ngakhale sitinawasandutse lamulo: mwanapiye, kapena kamwala kaja amayi amagwira popera, mwana wa mphero.

Nanga ti- wathu bwanji, pamene anzathu akuti tu-? Atumbuka, Ayao, Abemba ndi Ashona onse anasunga tu-, ndipo m'Chinyanja cha ku Lusaka mumamva tu- kwambiri. Chichewa chinasintha u kukhala i. Mphatikiriyu amafanana ndi ti- wina, woimira ife, amenenso m'Chiswahili ndi m'Chibemba ndi tu-. Mukangomva kuti "tikusewera panja" simungadziwe ngati ndi ife kapena tiana. Makolo anaona mwayi pamenepa. Mwambi woti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu umamveka pawiri: tili tiwiri tinthu tija, komanso tili tiwiri iwe ndi ine. 

Ka- amene si wochepetsa

Si dzina lililonse loyamba ndi ka- limene lili m'gulu la Ka-Ti, ndipo njira yodziwira ndi yapafupi: mverani mgwirizano. Timati kamwana kathawa, koma kalulu wathawa. Tiana n'tambiri, koma akalulu ndi ambiri, palibe tilulu. Kalulu, kadzidzi, kangaude, kakowa ndi kambuku onse amayenda ngati galu ndi nyani, ndipo kambuku palibe angamutche wochepa ali naye pafupi. Mukafuna kalulu wamng'ono muyenera kuwonjezera ka- wina, kakalulu.

Ena ndi alendo amene anangofanana nafe nkhope. Kalata anachokera ku Chipwitikizi carta, kapitawo ku capitão, kachasu ku cachaça. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi kuyambira m'zaka za m'ma 1500, ndipo mawu awo anakwera ndi amalonda. Kapu, kabichi ndi kampani ndi a ku Chingerezi. Palibe chimene chachepetsedwa mwa onsewa, n'chifukwa chake timatha kunena kakalata, kakapu ndi kakampani.

Pali ka- wina amene amatenga mneni n'kumusandutsa dzina la chinthu kapena la munthu. Kudzutsa kunabala kadzutsa, kulembera kunabala kalembera wa chisankho, kufukula kunabala kafukufuku, kufumbata kunabala kafumbata, nthenda youmitsa thupi ija. Kaunjika ndi zovala zounjikidwa mulu pamsika. Onsewa amatenga wa: kadzutsa wabwino, kafukufuku watsopano. Osiyana nawo pang'ono ndi mayina a mmene chinthu chimachitikira, amene amayamba ndi ka- n'kuthera -idwe kapena -edwe: kavalidwe, kadyedwe, kayendedwe, kaphunzitsidwe. Awa amatengadi mgwirizano wa ka-, kavalidwe kake, kayendedwe kabwino, komabe mulibe kuchepa mwa iwo, ndipo alibe ti-. Kayendetsedwe ka chuma cha dziko si kanthu kakang'ono. Chimodzimodzi ka- wowerengera maulendo: kamodzi, kawiri, kangati.

Ndiye pali a m'kati mwa mneni, amene sakhudzana ndi mayina: wotuma munthu kwina mu "kagule sopo", ndi wa pamene kapena ngati mu "ukafika undiimbire". Mayi angathe kunena za kamwana kake kuti "kakafika kakagone". Muli ka- anayi m'mawu awiri. Woyamba ndi wachitatu akuimira kamwanako, wachiwiri akunena pamene, wachinayi akukatuma kuchipinda. Mwana wa zaka zitatu amamva zonsezi bwinobwino. Wophunzira Chichewa atakula amagwira mutu.

Mayina a anthu ndi malo nawo amasunga ka- amene sitimumvanso. Kaphiri ku Lilongwe, Kamwendo ku Mchinji, Elliot Kamwana, mlaliki wa ku Nkhata Bay amene atsamunda anamuthamangitsa m'dziko mu 1909. Lodziwika kuposa onse ndi la mtsogoleri woyamba wa Malawi. Olemba mbiri ya Hastings Banda amati mayi ake anavutika kuti aime mpaka sing'anga anawapatsa mankhwala a mizu, ndipo mwana atabadwa anamutcha Kamuzu, muzu waung'ono. Dzinalo lero lili pa bwalo la ndege ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu, pa bwalo la masewera ku Blantyre, ndipo palibe amamva muzu mmenemo. Atatera pa Chileka pa 6 July 1958, palibe amene anati "kabwera".

Mini wa mu minibasi

Boma la Kamuzu yemweyo linalimbanapo ndi kaliwu kena kochepetsa, kochokera kunja. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa maondo, ndipo linakhalapo mpaka nyengo yosintha kupita ku zipani zambiri. Siketi imene inkaopedwayo dzina lake linali mini.

Mbiri ya mini inayamba ndi kusakaniza mawu. Ku Ulaya, makina osindikizira asanabwere, mabuku ankakopedwa pamanja, ndipo zilembo zoyambira mitu ankazilemba ndi utoto wofiira wochokera ku mtovu, wotchedwa minium m'Chilatini. Kupaka utotowu kunali miniare, ndipo Ataliyana anatcha zithunzi zokongoletsa mabukuwo miniatura. Mawuwa ankanena za kufiira, osati kuchepa. Koma poti zithunzi za m'buku zimakhala zazing'ono, komanso poti Chilatini chili ndi mawu ena omveka mofanana, minor ndi minimus, amene amatanthauzadi kuchepa, anthu anaziphatikiza. Chingerezi chinalandira miniature chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo m'kupita kwa nthawi kuchepa kunapambana, kufiira kunaiwalika. Banja lenileni la minor ndi limene linabala miniti ya pa wotchi, komanso minister, mawu a Chingerezi otchulira nduna, amene poyamba ankatanthauza wantchito, wochepa pamaso pa mbuye wake. Sizingakhale zoipa wina atazikumbutsa nduna zathu zimenezi.

Chimene chinatchukitsa mini ngati liwu loima palokha ndi galimoto. Mkangano wa mu 1956 wolimbirana ngalande ya Suez ku Egypt utachititsa kuti mafuta asowe ku Britain, kampani ya British Motor Corporation inauza injiniya wake Alec Issigonis kuti akonze galimoto yaing'ono yosadya mafuta. Inatuluka mu August 1959, yotalika mamita atatu okha, ndipo anthu anaizolowera ndi dzina loti Mini. Pakati pa zaka za m'ma 1960, akatswiri okonza zovala Mary Quant ku London ndi André Courrèges ku Paris anatchukitsa siketi yaifupi, ndipo Quant ankanena kuti dzina la siketiyo analitenga ku galimoto ija. Kuchokera apo mini anaphatikizidwa pa chilichonse chogulitsidwa, mpaka anatifika ife pa depoti, mu minibasi.

Kufika anafikadi, koma sanakhale mphatikiri m'Chichewa. Palibe amene amati mininyumba kapena minimwana. Mini amamatirira pa liwu limodzi n'kuthera pomwepo, sasintha mneni, sasonyeza chikondi kapena chipongwe, amangonena kuti pali china chachikulu cha mtundu womwewo. Khutu la Mchewa silimumva n'komwe ngati chigawo chapadera. Minibasi ndi liwu limodzi, ngati njinga. Umboni wake ndi zimene timachita nalo. Yakutha, yotsegula chitseko ndi chingwe, ndi kaminibasi, ndipo zikadzaza pa siteji ndi timaminibasi. Yatsopano yonyezimira, imene kondakitala wake akuitanira monyada, ndi chiminibasi, ndipo palibe amaona chachilendo kuti chi- wokuza wakhala pamwamba pa mini wochepetsa.

Mawu atsopano onse amalandiridwa chimodzimodzi: kafoni, kameseji, timayunitsi, kagulupu ka pa WhatsApp. Chimene chikusintha ndi kalembedwe. Pa Facebook ambiri amalemba ka- motalikitsa, ka foni, ka mwana, ti ana. Malamulo a kalembedwe amafuna kuti mphatikiri alumikizane ndi dzina lake, ndipo chifukwa chake n'chomveka: ka woima payekha ali ndi ntchito yake, yosonyeza umwini. Kamwana ka mwana wanga ndi mdzukulu. Mukalemba ka mwana ka mwana wanga, wowerenga amayamba wabwerera kaye kuti aone ka wake ndi uti. Povuta ndi pa mayina oyamba ndi chilembo chachikulu, monga Sienta kapena Toyota. Pamenepo olemba ambiri amangosiya mpata, ka Sienta, ndipo owerenga sasokonezeka.